Kugula chifefe cha semi-automatic chogwiritsidwapo kale ntchito: ndiyang'ane chiyani?

Mlenje watsopano

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala nthawi yaitali ndi mfuti zosakira mbalame. Pali munthu amene akugulitsa chifefe cha semi-automatic cha mtundu wa Remington 1100, cha 12 gauge (muyezo wa kukula kwa bowo la mpope wa mfuti), chija chimene chimataya chokha katiriji (chipolopolo cha chifefe) yowombedwa n'kulowetsa ina. Kunja kwake chikuoneka chosamalika, koma ndimamva kuti mfuti zoterezi zikakalamba zimakonda kukakamira. Kodi ndiyang'ane zinthu ziti ndisanapereke ndalama, ndipo kodi n'kwanzeru kusankha mtundu umenewu m'malo mwa Benelli kapena Browning yakale?

Wokonza mfuti

Choyamba, musanayang'ane china chilichonse, mutsimikize nokha kuti mfutiyo mulibe katiriji, ngakhale mwini wake atanena kuti mulibe.

Remington 1100 inatuluka m'chaka cha 1963, ndipo imayenda ndi mpweya wa onga. Mukawombera, mpweya wina umatuluka pa timabowo ta kunsi kwa mpope n'kukankha pisitoni imene imayenda mozungulira chubu chosungira makatiriji, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imataya katiriji yakale n'kulowetsa yatsopano. Choncho mupempheni wogulitsayo akuchotsereni mpope pamodzi ndi mtengo wogwira kutsogolo, kuti muone chubucho ndi maso anu. Mwaye wouma si vuto, umachoka ndi kutsuka. Kamphira kozungulira kotseka mpweya nakonso kamatha msanga koma n'kosavuta kusintha. Chimene muyenera kuopa ndi dzimbiri limene lakumba zitsulo, chifukwa pamenepo mpweya umathawa ndipo mfutiyo imayamba kusiya katiriji pakhomo.

Malo amene ogula ambiri amaiwala ndi sipuling'i yaitali imene ili mkati mwa mtengo wotsamira paphewa. Mfuti imene yakhala ikusakira abakha m'madambo imalowa madzi pamenepo, ndipo sipuling'iyo imachita dzimbiri popanda mwini wake kudziwa. Muunikenso mkati mwa mpope ndi tochi, kenaka muyendetse zala kunja kwake kuti mumve ngati pali potupa. Mpope wotupa, ine sindikambirana nkomwe za mtengo, ndimangoisiya mfutiyo.

Koma zonsezi sizingapose kuiwombera pamalo ovomerezeka. Muyese ndi makatiriji opepuka, pakuti amphamvu amatha kuyendetsa ngakhale mfuti yotopa n'kubisa vuto lake. Wogulitsa amene akukana kuti muiyese ali ndi chimene akudziwa.

Msaki wa abakha

Ndikugwirizana ndi zimene anena a wokonza mfuti, koma ndiwonjezere nkhani ya kutalika kwa chipinda cha katiriji, kumene kumalembedwa pampope. Ma 1100 ambiri ndi a mamilimita 70, ndipo a Magnum ndiwo a 76. Choopsa n'chakuti katiriji ya 76 imatha kulowa m'chipinda cha 70, chifukwa kutalika kwake kumayezedwa itatseguka kukamwa pambuyo powombedwa; ikaphulika imasowa malo otsegukira ndipo mphamvu ya mpweya imakwera kwambiri. Mufunsenso ngati mpopewo ungapirire timipira tachitsulo ta m'katiriji, popeza mayiko angapo analetsa ta mtovu posaka mbalame za m'madzi, ndipo mipope yakale yothina kwambiri kukamwa imatha kutupa ndi tachitsulo.

Pa funso lanu lachiwiri, Benelli nthawi zambiri siigwiritsa ntchito mpweya koma mphamvu ya kukankha kwa mfuti, motero siida msanga ndipo zosuntha zake n'zochepa. Komabe imamenya phewa kwambiri kuposa 1100, ndipo nthawi zina imavuta ndi makatiriji opepuka kwambiri. Browning Auto-5, imene John Browning anaipanga ndipo inakhala ikupangidwa mpaka 1998, mpope wake wonse umabwerera m'mbuyo powombera. Ndi mfuti yolimba ndithu, koma mphete zake zochepetsa liwiro la mpope pobwerera m'mbuyo zimafuna kuikidwa mogwirizana ndi mphamvu ya katiriji, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa zimakhala ndi mng'alu pamtengo wakutsogolo. Kwa munthu amene akuyamba kumene, ine ndingasankhe 1100 yosamalika.

Wakale pa zogulitsa

Anzanga afotokoza bwino za zitsulo, ine ndinene za mapepala. Nambala ya mfuti ifanane ndendende ndi imene ili pachiphaso cha wogulitsa, ndipo ngati yafufutidwa kapena kupalidwa, musaikhudze ngakhale mtengo utatsika motani. Malamulo a mfuti za semi-automatic amasiyana kwambiri. Ku Britain, kuyambira lamulo la 1988, chifefe choterechi chimaloledwa pachiphaso wamba cha chifefe pokhapokha chubu chake chikamasunga makatiriji osapitirira awiri, pamene ku Australia anazikhwimitsira malamulo kwambiri m'chaka cha 1996. Mufunse kaye ku ofesi yopereka ziphaso m'dziko lanu ngati chiphaso chanu chikukulolani kukhala ndi mtundu umenewu, ndipo kusintha umwini kudutse kwa wogulitsa wovomerezeka kapena ku ofesiyo, mfutiyo isanafike m'manja mwanu.