Kuyang'ana mphaka mpaka atsike mumtengo: apongozi anga ankatanthauza chiyani?

Nachisale wa ku Assen: Abale anga ndithandizeni, makamaka inu muli kuno ku Netherlands. Loweruka kunali phwando la tsiku lobadwa la apongozi anga aamuna. Mukudziwa mmene amachitira kuno, mipando kuizunguliza pabalaza, khofi ndi kachidutswa ka keke, ndipo ukalowa umapatsa moni aliyense n'kumuuza kuti gefeliciteerd, mawu omufunira mafuno abwino, ngati wabadwa ndi iyeyo. Ine ndinakhala phee, manja pamiyendo, monga mtengwa amakhalira pakati pa eni mudzi. Mlamu wina anafunsa ngati ndadwala. Apongozi aakazi anayankha akumwetulira kuti, "Ze kijkt de kat uit de boom." Mawu ake ndikuwadziwa onse: kat ndi mphaka, boom ndi mtengo, kijken ndi kuyang'ana. Koma mtima unangoti myuu, chifukwa kwathu ku Dedza munthu akakutchulira mphaka pagulu, nkhani yake imakhala ya ufiti. Pobwerera bambo a kunyumba anati ayi, amanena munthu amene amayamba waonetsetsa kaye asanamasuke. Tsono pamenepa anandiyamikira kapena anandidzudzula? Zikundisowetsa tulo.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Mwana wanga, anakuyamikirani. Agogo anga aakazi ankanditenga kudimba mvula ikakata, n'kutola nkhono kundiika pachikhatho. Ndikaigwedeza inkalowa m'chigoba. Ndikakhala chete, timaso tija tinkatuluka pang'onopang'ono. Agogo amvekere, "Waona? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwambi wa Adatchiwo ndi womwewu, angosintha nyama basi.

Wa ku Wageningen: Bambo, pepani nditsutseko pang'ono. Aphunzitsi athu a Chidatchi anatifotokozera ndi galu: wapirikitsa mphaka, mphaka wakwera mumtengo, galu wakhala pansi maso ali m'mwamba. Sakudikira chifukwa cha ulemu, akufuna aone kumene zinthu zilowere. Komanso anthu awa amakonda kulankhula mosapsatira mawu. Ali ndi mwambi wina woti met de deur in huis vallen, kugwera m'nyumba ndi chitseko chomwe, kutanthauza kuyamba nkhani osazungulira. Kwa anthu otere, kukhala chete pagulu si ulemu ngati kwathu. Komabe achemwali musade nkhawa. Anthu a kumpoto, ku Groningen ndi ku Drenthe komwe muliko, amadzinena okha ndi mwambi wa mphakawo. Mwina ankati mwafanana nawo.

Nabanda wa ku Chipata: Kugwera m'nyumba ndi chitseko! Ambuya anga akanamva akanagwira pakamwa. Ndili mtsikana ndinatumidwa kukawauza kuti amalume adwala, ndinafika ndili wefuwefu n'kuyamba kunena ndili chiimire. Anandibweza mpaka kuseri kwa nkhokwe kuti ndikayambirenso ndi odi. Ndinagwada, anandilonjera, anandipatsa madzi, kenako ndiye anati, "Nena tsopano." Ndimawasowa mayi amene uja.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Achimwene a ku Wageningen, galu wanuyo akuuwa? Akukanda mtengo? Ayi, wakhala pansi. Kumeneko ndiye kudekha. Mwandithandiza kufotokoza mfundo yanga.

Wa ku Wageningen: Koma bambo, wodikira nkhono amafuna kuiona, galu amafuna kuluma.

Nabanda wa ku Chipata: Vuto n'loti ana a masiku ano ngakhale nkhonoyo sanaiikepo pachikhatho. Mwana wa mchemwali wanga amaitana mayi ake kuti masteni, bambo ake madala. Ukamupatsa moni amangoti "bho", maso ali pafoni. Ukamuponyera mwambi amafunsa ngati ndi Chichewa.

Wa ku Wageningen: Kunonso akuluakulu akudandaula zomwezo. Achinyamata ndalama amati doekoe, mnzawo amati mattie, mawu ochokera ku Suriname. Ndipo chinthu chikakanika, ana amangoti helaas pindakaas, ngati kunena kuti "pepa, chiponde." Chipondecho chilibe tanthauzo pamenepo, angokonda kuti mawu awiriwo amathera mofanana.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Zaka 31 ndinaphunzitsa Chichewa, ndipo chimandipweteka n'choti ana amaloweza miyambi kuti akhoze mayeso basi, osaimva kuchokera pakamwa pa agogo. Mwana wanga wa ku Assen, ndikubwerezanso: mayi wamkulu sangamwetulire akunyoza mtengwa wake pamaso pa alendo. Anaona kudekha kwanu.

Nachisale wa ku Assen: Zikomo nonse, ngakhale mwandisiya pamphambano. Bambo a kunyumba akuti ndingowafunsa apongoziwo Lamlungu tikapita kukamwa khofi, akuti kuno si mwano. Koma ine kufunsa apongozi maso ndi maso kuti munkatanthauza chiyani, pakamwa pakulemera. Amayi a ku Chipata, inu mukanafunsa?

Nabanda wa ku Chipata: Ine ndikanatuma alamu aja anafunsa za kudwala. Koma aphunzitsi, tandiuzani kaye, timene timatuluka pamutu pa nkhono tija ndi maso kapena nyanga? Ambuya ankati nyanga.