Leki ya kumbuyo kwa thirakitala: mapini sakugwirizana ndi mikono, ndipo mano akukumba nthaka

Woyang'anira malo, Namitete:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwiritsapo ntchito leki yokokedwa ndi thirakitala. Tagula leki ya mamita 1.8 m'lifupi kuti tizisonkhanitsira masamba a malaina ndi a mango, timitengo ndi miyala ing'onoing'ono pabwalo lathu komanso mumsewu wolowera, chifukwa anyamata osesa amalephera kumaliza ntchitoyi chilimwe chikafika. Yabwera yosamanga, mano ali m'katoni yawoyawo. Thirakitala yathu ndi Massey Ferguson 375, ndipo mapini a lekiyi akugwedera m'mabowo a mikono yonyamulira. Titayesa kuikoka pang'ono mano ochepa okha atamangidwa, inazula kapinga n'kusiya mizere pabwalo. Kodi tiimange motani, ndipo tichite chiyani kuti izisesa m'malo molima?

Makaniko wa ku Kanengo:

Bambo, musaikokenso mapini akugwedera choncho, chifukwa mabowo adzakula ndipo chimango chidzang'ambika powotcherera. Leki yanu ndi ya gulu loyamba, limene mapini ake apansi ndi a mamilimita 22 ndipo yapamwamba ndi ya mamilimita 19, pamene mikono ya thirakitala yanu ndi ya gulu lachiwiri, la mamilimita 28 pansi ndi 25 pamwamba. Chofunika ndi mabushi achitsulo otseka mpata umenewo, amene amagulitsidwa kumene amagulitsa zipangizo za mathirakitala, ndipo ngakhale munthu wa makina osemera zitsulo akhoza kukupangirani. Musanagule, yang'anani kaye kumapeto kwa mikonoyo, popeza mathirakitala ena a Massey Ferguson ali ndi mipira yachitsulo yochotseka, imene mapini amalowamo, moti mumangoikapo ya bowo laling'ono. Dziwaninso kuti mpata wa pakati pa mapini awiri apansi ndi wocheperapo pa gulu loyamba, pafupifupi masentimita 68 poyerekeza ndi 82, choncho mudzafunika kumasula matcheni a m'mbali kuti mikono iyandikane, kenako n'kuwakunganso kuti leki isamakankhikire ku matayala.

Pomanga, yambani ndi chimango chokhala ndi mapini atatu, muchikoloweke ku thirakitala, kenako mulumikize mtanda wonyamula mano pa bawuti yaikulu yozungulirapo, imene muyenera kuipaka girizi. Mano muwaike pomaliza, mtandawo utakhala pa zitsa ziwiri zolimba, osati utangolendewera pa haidiroliki, ndipo injini ikhale yozima. Mabawuti onse muwalowetse kaye osamangitsa. Mukatero muimike leki pa simenti yosalala, muone kuti nsonga zonse zikukhudza pansi mofanana, ndiye muyambe kumanga kuchokera pakati kupita kumapeto. Dzino limodzi likatsika kuposa anzake, limasenza lokha katundu yense ndipo ndi limene limayamba kupindika. Mukagwira ntchito tsiku loyamba, bwerezaninso ndi sipanala, chifukwa penti ikaperepeseka pansi pa mawashala mabawuti amamasuka okha.

Mlimi wa ku Thondwe:

Zimene anena a makanikowa ndi zoona, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu lili pa kayendetsedwe. Thirakitala ya mahatchi 75 ndi yaikulu kwambiri pa leki yotere, moti woyendetsa samva chilichonse mano akakola muzu kapena chitsa chobisika m'udzu. Amangozindikira atacheuka kuti mano atatu atambasuka. Ndiye chinthu choyamba ndi kuyenda wapansi pabwalo lonse, kuika zizindikiro pamene pali zitsa, mizu ya malaina yoyanga pamwamba, zulu zazing'ono ndi mapaipi a madzi okwiriridwa mosazama.

Kenako muuzeni dalaivala kuti agwiritse ntchito chogwirira cha haidiroliki chotchedwa position control, chimene chimasunga chida pamlingo umodzi, osati cha draft control. Chachiwiricho chinapangidwira khasu lolimira, ndipo chimakweza kapena kutsitsa chida malinga ndi kulimba kwa nthaka, zimene pa leki zimasiya bwalo lili mabampu okhaokha. Atsitse leki mpaka nsonga zingokhudza pansi, kenako amange kachitsulo koimitsira chogwirira pamenepo kuti nthawi zonse azibwerera pamlingo womwewo. Top link, umene ndi mkono wapamwamba wolumikiza chida ku thirakitala, aitembenuze mpaka mtanda waukulu ukhale wowongoka ndi nthaka, ndipo akafuna kusintha kapendekedwe ka mano azitembenuza pang'onopang'ono, akuyesa mamita ochepa nthawi iliyonse. Liwiro likhale la munthu woyenda wapansi, pa giya yotsika. Akathamanga leki imadumphadumpha n'kumataya zimene yasonkhanitsa.

Ngati ndalama zilipo, ikani matayala awiri ang'onoang'ono kumbuyo kwa mano. Popanda matayalawa, matayala akutsogolo a thirakitala akangokwera pakamtunda leki imalowa pansi, ndipo akatsikira m'kadzenje leki imanyamuka, ndiye mizere imene mukudandaula ija siitha ngakhale dalaivala atakhala waluso chotani.

Mayi a ku Dedza:

Ndiwonjezerepo za nyengo, bambo. Pa kapinga musalowetse thirakitala yolemera choncho mvula itangogwa, chifukwa matayala okha amaononga kuposa mano. Komanso mu Okutobala masana, nthaka itauma gwa, fumbi limachuluka moti dalaivala saona zimene akukoka. Ife timakonda m'mamawa, mame asanaume, pamene masamba amakhala olemererako ndipo sauluka. Masamba ouma kwambiri a mango amapulumuka pakati pa mano poyamba, koma timitengo tikangodzaza mipata, leki imayamba kukokolola zonse, choncho musamaimeime kuti muchotse zimene zakola.

Mtanda muupendeketse mbali imodzi pogwiritsa ntchito mabowo a pini yokhomera, kuti zinyalala zizitsetserekera kumbali n'kupanga mzere umodzi wautali; mukatero muuwongole n'kukoka mzerewo kukhala milu. Mumsewu wa miyala chitani chimodzimodzi, koma muzikokera miyala pakati kuchokera mbali zonse ziwiri, kuti pakati pakhale potumphuka ndipo madzi a mvula azitsikira m'ngalande. Milu ya masambayo ine sindiotcha, ndimaithira m'dzenje la kompositi, kungoti ana asamaseweremo chifukwa njoka zimakonda kubisalamo.

Woyang'anira malo, Namitete:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana mikono ija ndipo mipira yake ndi yosachotseka, choncho ndatumiza munthu ku Lilongwe kukafuna mabushi atatu. Mano tawamasula onse kuti tiwaimikenso pa simenti ya m'shedi monga mwalangizira. Funso limodzi latsala kwa a makaniko: mano awiri amene anapindika tsiku loyesa lija, kodi tingawatenthe n'kuwawongola?

Makaniko wa ku Kanengo:

Ayi bambo, musawatenthe. Manowo ndi a chitsulo cha sipuling'i, ndipo moto ukachifewetsa sichibwereranso m'malo mwake chikakola chinthu, chimangopindika kapena kuthyoka. Asamutsireni kumapeto kwenikweni kwa mtanda, limodzi uku lina uku, ndipo munthu amene mwamutuma ku Lilongwe uja atenge dzino limodzi labwino ngati chitsanzo, kuti akagule ena ofanana kapindikidwe ndi malo a bowo.