Nissan 1400 ikulira ndikapotokola kiyi, ndikangosiya ikuzima

Wakachewere_Bembeke:

Akuluakulu odziwa za magetsi a galimoto, ndithandizeni. Ndili ndi kapikapu ka Nissan 1400 ka 1984, injini yake A14 ya mapointi (tizitsulo timene timatsegula ndi kutseka magetsi opangira moto wa ku mapulagi), kamene malume anabwera nako kuchokera ku Johannesburg. Ndi kamene ndimanyamulira kachewere kuchoka kuno ku Bembeke kupita ku Lilongwe, ndiye kakaima, zonse zaima pakhomo pano.

Ndikapotokola kiyi mpaka pa START, injini imagwira, imalira ndithu. Koma ndikangosiya kiyi kuti abwerere pa ON, imazima pompo. Petulo akufika, ndaona akupopera mu kabyuleta. Mapulagi ndi atsopano, batire ili bwino, sitata ikuzungulira mwamphamvu, ndipo magetsi a pa dashibodi akuyaka.

Mnyamata wina pamsika analumikiza waya kuchokera ku + ya batire mpaka ku + ya koilo, imene imapanga moto wa ku mapulagi. Galimoto inalira osazima, ndinafika nayo kunyumba. Koma koilo inatentha yosagwirika ndi dzanja, ndipo kiyi sakuzimitsanso injini mpaka nditsike kukachotsa wayayo. Iye akuti ndingoikapo swichi ndiziyenda. Mtima wanga ukukana. Chavuta n'chiyani kwenikweni?

Wamagetsi_Biwi:

Achimwene, mtima wanu sukunama. Wayayo muchotse lero lomwe.

Injini zakale zambiri za mapointi zili ndi njira ziwiri zofikitsira magetsi ku koilo. Pamene mukuliza, sitata imameza magetsi ambiri, mphamvu ya batire imatsika, ndiye koilo imapatsidwa magetsi mwachindunji kuti moto wa ku mapulagi usafooke. Mukasiya kiyi, njira imeneyo imatsekeka, magetsi amayamba kudzera pa ballast resistor, kachinthu koyera kadothi kokhala pafupi ndi koilo, kali ndi mawaya mbali ziwiri. Galimoto yanu njira yoyamba ili moyo, yachiwiri yaduka penapake. N'chifukwa chake ikulira pa START pokha.

Pezani babu ya indiketa ya 21W, muimangirire mawaya awiri. Chotsani chivundikiro cha distributor (chogawa moto ku mapulagi, momwe muli mapointi), mutembenuze injini ndi dzanja mpaka mapointi atsekeke, kenako kiyi pa ON. Waya umodzi wa babu ku bodi pamalo opanda penti, winawo mukhudzitse mbali iliyonse ya resistor. Ikawala mbali yochokera ku swichi ya kiyi koma mbali ya ku koilo kuli zii, resistor yapsa. Ikakanika mbali zonse ziwiri, vuto lili kumbuyo, pa waya kapena pa swichi.

Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, mapointi ali otseka muyenera kupeza ma volt 12 kapena pafupi polowera, ndi 6 mpaka 8 ku + ya koilo. Ndikubwereza za mapointi otseka chifukwa akakhala otsegula magetsi sayenda, ndipo mita imaonetsa 12 paliponse, ngakhale pa waya woti watsala ndi kaulusi kamodzi. Ambiri amasokera pamenepa, n'kukagula koilo yatsopano pachabe.

Za waya wachindunjiyo: koilo yoyendera resistor imakhala ya ma ohm pafupifupi 1.5. Mukaipatsa 12 yonse imakoka ma amp 8, kuwirikiza kawiri zimene inapangidwira. Mapointi amapsa, koilo imawira mkati. Mukaiwala kuchotsa usiku mapointi ali otseka, m'mawa mupeza batire yatha. Komanso wayayo alibe fyuzi ndipo akudutsa mu injini muli petulo.

Mdala wa Datsun:

Zimene anena a Wamagetsi ndi zoona, koma musathamangire resistor. Ine ndayendetsa Datsun 1200 zaka zambiri, ndipo matenda amenewa kwa ine anali swichi ya kiyi. Timkuwa ta mkati timatha, makamaka kwa ife timapachika mulu wa makiyi a nyumba ndi a golosale pamenepo, msewu wake wa mabampu. Lizani injini, posiya kiyi muzimubweza pang'onopang'ono, osamutaya. Mukapeza malo pakati pa START ndi ON pamene injini ikupitiriza kulira, swichi ndiyo yatha. Onaninso pulagi ya mawaya kuseri kwa swichiyo, imakhwepa.

Zipangizo musade nazo nkhawa, mwana wanga. Galimoto imeneyi anaipanga ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008, ndiye zake zikupezekabe.

Wamagetsi_Biwi:

Madala, swichi ndaikumbukira, koma akuti magetsi a pa dashibodi akuyaka pa ON, ndiye ndikuikayikira pang'ono. Ayese ndithu njira yanuyo, siitenga nthawi.

Achimwene a ku Bembeke, chinanso: wina akakuuzani kuti mutaye resistor mugule koilo ya 12V, zimatheka, koma muiyeze kaye pakati pa + ndi -. Yosafuna resistor imakhala ya ma ohm pafupifupi 3. Ikakhala ya 1.5 kapena yalembedwa kuti imafuna resistor, mwabwerera pomwe muli panopa.

Wakachewere_Bembeke:

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse. Ndayamba ndi za a Mdala, swichi ilibe vuto. Kenako ndabwereka mita kwa mnzanga wokonza mawailesi. Mapointi ali otsegula imaonetsa 12 mbali zonse, monga munanenera. Nditawatseka, polowera pa resistor panatsika mpaka 2, babu n'kumangofiira pang'ono. Resistor payokha ikupereka ma ohm 1.4.

Ndatsatira wayayo kulowa pansi pa dashibodi. Ndapeza pamene wina anausenda kale n'kupotokolerapo waya wa wailesi, n'kukulunga tepi. Mkati mwa tepimo mkuwa wasanduka wobiriwira, tiulusi tambiri taduka. Madzi a mvula amadontha pomwepo kuchokera pa galasi lakutsogolo. Ndadula mbali yowolayo, ndalumikiza kwa kanthawi, injini ikulira ndipo kiyi akuzimitsa.

Koma ikudumphadumpha ndikaponda mafuta, zomwe kale sinkachita. Mapointi ndikuona mbali imodzi ili ndi kadzenje, inayo kachotupa.

Wamagetsi_Biwi:

Ndi malipiro a ulendo wa waya wachindunji uja. Mapointi otero musavutike ndi kuwapala, gulani atsopano pamodzi ndi kondensa (kachipangizo koteteza mapointi kuti asapse), musinthe zonse ziwiri. Mpata wake ukhale 0.45 mpaka 0.55 mm, muyeze ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pamene kachidendene ka mapointi kakwera pansonga ya cam, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mapointi. Pakani kagirisi kochepa kwambiri pa cam, kasafike pa mapointi. Mpata ukasintha timing (nthawi imene moto umafika ku mapulagi) imasunthanso, ndiye muione pomaliza, osati poyamba.

Ngati mawaya a mapulagi munawazula onse posintha mapulagi, tsimikizani dongosolo lake: 1-3-4-2, nambala 1 ndi silinda ya kutsogolo kufupi ndi fani, ndipo muwerenge motsata kumene rotor ya mu distributor ikuzungulira.

Polumikiza paja pasakhale popotokola ndi manja. Muotcherere ndi mtovu, kapena muike waya watsopano wonenepa mofanana kuchokera ku swichi mpaka ku resistor. Wailesi muichotse pa waya wa koilo, itenge magetsi ku ACC ya pa swichi ya kiyi ndi fyuzi yakeyake. Labala ya galasi ikudonthayo muimate mvula isanabwerenso. Ikapitiriza kudumpha mutasintha mapointi, mutiuze ma volt amene mukupeza ku + ya koilo injini ikulira.