Mjigo wakumudzi wauma: wolakwa kwambiri ndani?

Mlembi (Mufakose): Abale ndi alongo, uthenga wafika kuchokera kwathu ku Dedza wakuti mjigo umene tinakumbitsa mu February wasiya kutulutsa madzi kuyambira pakati pa September, ndipo amayi ayambiranso kukatunga kudambo. A Wapampando akuti tisonkhenso ndalama kuti okumba aja adzawonjezere kuya pamalo pomwepo. Aliyense anene maganizo ake tisanakumane Lamlungu ku Mbare, muno mu Harare.

Amayi a ku Highfield: Ine sindisonkhanso kufikira titagwirizana za amene anatisocheretsa. A Wapampando, ndikulankhula mwaulemu: ndinu munasankha malo aja pafupi ndi bwalo la amfumu, ndinu munati kuyeza nthaka n'kutaya ndalama, ndiponso ndinu munatifulumizitsa kuti tikumbe mvula isanathe. Wotsogola ndiye amaona njira poyamba, choncho akalowetsa anthu m'thengo, uchitsiru waukulu ndi wake. Madola 20 amene ndinkapereka mwezi uliwonse ndimawapeza pogulitsa masamba, sindichita kutola.

Agogo a ku Mabvuku: Mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Ndinabwera kuno mu 1961, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo ndakhalamo m'mabungwe ambiri a maliro ndi a chitukuko. Mwana wanga wa ku Highfield, zimene wanena ndi zoona, koma wasiya mbali ina. Munthu mmodzi akaganiza molakwa, cholakwacho chimangokhala m'mutu mwake, sichigula simenti ndiponso sichilipira galimoto yokumba. Chimasanduka dzenje louma pamene anthu makumi atatu achipatsa ndalama. Tsiku lija ndinalipo, mtima wanga unakayika, koma ndinawomba m'manja pamodzi ndi ena chifukwa sindinafune kuoneka ngati nkhalamba yotsekereza chitukuko. Wotsogolera analakwa akukhulupirira kuti akuchita bwino, pamene ine ndinamutsatira ndikukayika. Kwa ine uchitsiru woposa ndi wangawu.

Msungichuma (Glen View): Kaundula wa msonkhano wa mu January akusonyeza kuti tinalipo anthu 34 ndipo palibe amene anatsutsa. Tikumbukirenso chimene chinatithamangitsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mapaipi, simenti ndi mafuta inkakwera pafupipafupi, ndipo okumba anatiuza kuti mtengo umene anatipatsa sukhalitsa. Chilala nachonso chinakula, moti mu March 2024 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mwina mjigo ukanauma ngakhale tikanachita zonse bwino.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa: Makolo anga, ndikupempha kuti mundikhululukire polowerera nkhani ya akulu. Ntchito yanga ndi yoika mapampu m'mijigo muno mu Harare, ndipo sindingavomereze kuti tibisale kumbuyo kwa chilala, pakuti mijigo ina ya m'dera lomwelo ikutulutsabe madzi. Mjigo umakumbidwa bwino chilimwe chitafika pachimake, cha mu September mpaka November, pamene madzi apansi atsikiratu, chifukwa madzi amene mwawapeza nthawi imeneyo ndiwo amakhala chaka chonse. Mu February okumba amakumana ndi madzi a pamwamba, n'kusiyira pomwepo, aliyense akusangalala. Kusanakumbidwe pamafunika katswiri woyeza nthaka ndi makina kuti apeze pamene mwala uli ndi ming'alu yosunga madzi, ndipo akatha kukumba amayenera kupopa kwa maola angapo kuti aone ngati madzi akubwerera msanga. Pampu ya Afridev, imene ili m'midzi yambiri kwathu, imakoka bwino mpaka mamita pafupifupi 45, choncho kungowonjezera kuya pamalo osayezedwa kukhoza kutidyeranso ndalama. Zonsezi ndinkazidziwa mu January. Ndinakhala chete chifukwa a Wapampando ndi msinkhu wa bambo anga, ndipo manyazi amenewo akundipweteka mpaka lero.

Amayi a ku Highfield: Mwanawe, wanena bwino, koma taganiza chifukwa chake unaopa. M'gulu muno wofunsa funso amayankhidwa kuti nthawi yatha, kapena kuti nkhaniyo akomiti anamaliza kale. Amene anatseka pakamwa pa odziwa ndi mtsogoleri yemweyo, ndiye ine sindingaike katundu wofanana pamutu pa mwana ndi pamutu pa wamkulu. Agogo, ndikulemekeza kudzichepetsa kwanu, koma tikati tonse ndife olakwa, mapeto ake palibe amene adzayankhepo.

Wapampando (Mbare): Ndawerenga zonse ndipo sindikana. Malo aja ndinasankha ndine, pofuna kuti amfumu aziyang'anira mjigowo, ndipo za kuyeza nthaka ndinazipeputsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse. Komabe mundilole ndinene chimene chikundiwawa. Anthu 34 atandiwombera m'manja, ndinatuluka pamsonkhano ndili wotsimikiza kuposa mmene ndinalowera, ndipo akanaimirira munthu mmodzi yekha n'kutchula za madzi a mu February, ndikhulupirira kuti ndikanaima. Ganizo lowonjezera kuya ndalichotsa.

Agogo a ku Mabvuku: Mwachita bwino, bambo, koma taonani zimene zachitika m'mawa uno. Mlembi atangotumiza ganizo lija, anthu asanu ndi awiri anayankha kuti avomera, mnyamatayu asanalembe n'komwe. Amenewo ndikuwafunsa mwachikondi kuti anavomera chiyani.

Amayi a ku Highfield: Funso limenelo ayankhe okha Lamlungu. Ine ndikupempha kuti komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ofesi yoona za madzi ya boma la Dedza afunsidwe tisanatumize ngakhale dola imodzi, kuti amayi amene amatunga madziwo anene okha kumene akuufuna mjigo, ndiponso kuti mnyamata wa ku Dzivarasekwa alowe m'komiti. Za amene analakwa kwambiri, maganizo anga sanasinthe.

Mlembi (Mufakose): Mfundo zitatuzo ndazilemba. A Msungichuma abwere ndi malisiti onse pamodzi ndi pangano limene tinasainirana ndi okumba, kuti tione ngati muli mawu okhudza mjigo wouma chaka chisanathe. Tidzayamba 2 koloko masana, mapemphero akatha.