Sikilini yafutukuka, nkhope zikuoneka zotupa: kadi yafa kapena ndi driver?

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Akuluakulu, ndabwera ndi vuto, ndithandizeni. Ndili ndi kashopu kosindikiza pano pa Dedza boma. Ndimapanga makadi a ukwati ndi chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, ma CV ndi zithunzi zing'onozing'ono za pa mafomu. Kompyuta ndili nayo imodzi yokha, Dell yakale yomwe ndinagula ku Lilongwe yogwirapo kale ntchito, ndipo mkati mwake muli kadi yotumiza zithunzi ku sikilini, ya NVIDIA GeForce GT 730.

Sabata yatha inalowa vairasi kudzera mu fulashi ya kasitomala. Mnyamata wina anaifomata n'kuikamo Windows 10 yatsopano. Vairasi inachokadi, koma kuyambira tsiku limenelo chilichonse pa sikilini ndi chachikulu komanso chofutukuka m'mbali. Ndikajambula chozungulira mu CorelDRAW chikuoneka ngati dzira logona. Ku Display settings kwalembedwa 1024 x 768, ndipo bokosilo ndi lotuwa, silikutheka kusintha. Kale inali pa 1366 x 768.

Dzulo kunabwera mayi wa ku Bembeke kudzaona khadi la chinkhoswe cha mwana wake. Atangoona chithunzi pa sikilini anandifunsa ngati ndamunenepetsa dala mwanayo. Ndinayesa kufotokoza kuti papepala chituluka bwino, koma ngakhale ineyo mtima sunakhazikike, chifukwa sindingathe kuyeza ndi maso zomwe ndikupanga. Chinkhoswe chili Loweruka, makadi akufunika Lachinayi.

Ndinagula bandulo n'kutsitsa driver, pulogalamu yothandiza Windows kulankhula ndi kadiyo, pa webusaiti ya NVIDIA, fayilo yaikulu zedi, koma poyika ikukana, ikuti sinapeze kadi yogwirizana nayo. Mnyamata uja akuti kadiyo yapsa, ndigule ina. Ndalama yake ndilibe pano. Yafadi kodi?

Mkonzi wa mafoni, Ntcheu

Mayi, musathamangire kugula. Kadi yakupsa siionetsa chithunzi choyera. Imaonetsa mizeremizere, timabokosi ta mitundu, kapena mdima basi. Dinani batani la Windows ndi X pamodzi, sankhani Device Manager, tsegulani pomwe palembedwa Display adapters. Mutiuze zomwe zalembedwa pamenepo.

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Zikomo achimwene. Palembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Dzina la NVIDIA palibe.

Mkonzi wa mafoni, Ntcheu

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Ameneyo ndi driver wongogwirizira yemwe Windows imabwera naye kuti muone kenakake pa sikilini. Sadziwa kulankhula bwino ndi kadi yanu, n'chifukwa wakutsekerani pa 1024 x 768. Monita yanu m'lifupi ili ndi timadontho 1366, ndiye ikukoka timadontho 1024 kuti tidzaze malo onsewo. Msinkhu ndi womwewo wa 768, koma m'mbali chithunzi chakokedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwana wa mayi uja sananenepe, ndipo fayilo yanu ili bwinobwino. Papepala ituluka momwe munaipangira.

Wa ku Lizulu

Ingobwezerani Windows 7 mayi, imeneyo sinkavuta.

Mphunzitsi wa kompyuta, Linthipe

Ayi bambo, pamenepo ndikukana. Windows 7 inasiya kulandira zotchinjiriza mu Januwale 2020, ndipo kompyuta iyi imalowetsedwa mafulashi a anthu tsiku lililonse. Mukufuna vairasi ija ibwerere mawa? Ngakhale Windows 10 yomweyi Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 ngati tsiku lomaliza kuithandiza mwa nthawi zonse, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Lero tikonze sikilini kaye.

Mayi, chomwe chandigwira mtima ndi chakuti driver wa NVIDIA anakana. Ndinakumana nazo pa makompyuta a kusukulu kwathu, zinandidyera masiku awiri ndisanamvetse. Dzina loti GT 730 ndi limodzi, koma makadi ake si amodzi. Ena ali ndi chip cha mtundu wa Kepler, ena ali ndi chakale kwambiri cha mtundu wa Fermi. Pa bokosi dzina ndi lomwelo. NVIDIA inasiya kupangira ma driver makadi a Fermi mu 2018, ndipo womaliza wa Windows 10 ndi 391.35. A Kepler anapitirira mpaka ma driver a nambala zoyamba ndi 47. Ndiye mukalemba GT 730 pa webusaiti paja mumapatsidwa wa Kepler, ndipo ngati yanu ndi Fermi amakana ndithu momwe wakukanirani. Si kuti kadi yafa, koma mwaipatsa kiyi wa khomo lina.

Musanawonongenso bandulo, tiyeni titsimikize. Mu Device Manager momwemo dinani kawiri pa Microsoft Basic Display Adapter, pitani pa Details, pa kamndandanda kaja sankhani Hardware Ids. Muona zilembo zoyamba ndi VEN kenako DEV. VEN_10DE ndi NVIDIA, VEN_8086 ndi Intel, VEN_1002 ndi AMD. Tikufuna makamaka zomwe zili kutsogolo kwa DEV.

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Aphunzitsi, palembedwa VEN_10DE ndi DEV_0F02. Fayilo yomwe ndinatsitsa ija nambala yake ikuyambadi ndi 47.

Mphunzitsi wa kompyuta, Linthipe

Basi, 0F02 ndi Fermi. Ikanakhala ya Kepler mukanaona 1287. Sakani 391.35 ya Windows 10 64-bit pa webusaiti ya NVIDIA yeniyeniyo. Onani kaye pa Settings, System, About kuti Windows yanu ndi 64-bit. Fayiloyo imapitirira 400MB, ndiye muonetsetse kuti bandulo ikukwana isanadukire pakati. Poyika sankhani Custom, muchonge pa clean installation. Sikilini ithima n'kuyaka kangapo, musachite mantha, musazimitse. Mukamaliza, fayiloyo muisunge pa fulashi yanuyanu yosabwereketsa, kuti tsiku lina akadzafomatanso musadzagulenso bandulo.

Mnyamata wa pa Tsangano turn-off

Pali timapulogalamu tosaka ma driver tokha, mungodina kamodzi basi.

Mkonzi wa mafoni, Ntcheu

Timeneto ndimatiopa ine. Tambiri timabwera ndi zinyalala zotsatsa malonda, tina timakuuzani kuti ma driver 20 ndi akale kuti mulipire. Munthu wangochotsa kumene vairasi, asaitanenso ina. Komanso mayi, ndikufunseni: intaneti mumatenga pa hotspot ya foni? Ngati mnyamata uja anachonga pomwe palembedwa metered connection kuti Windows isamadye data, ndiye chifukwa chake sinadzitsitsire yokha driver. Ikakhala pa metered siitsitsa ma driver pokhapokha mutailola.

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Inde ndi hotspot, ndipo ndinamupempha ndine kuti atseke zodya data. Sindinadziwe kuti zikukhudzana.

Ndabweranso, akuluakulu. Madzulo magetsi anazima ndili pakati potsitsa, ndinayambiranso m'mawa uno kukuzizira kwa kuno, zala zosagwira bwino mausi. Driver 391.35 walowa osakana! Ku Device Manager tsopano kwalembedwa NVIDIA GeForce GT 730. Mtima wanga unatsika pansi nditaona dzinalo. Koma vuto silinatheretu. Bokosi la resolution latseguka, muli 800 x 600, 1024 x 768, 1280 x 1024 ndi zina, koma 1366 x 768 mulibe. Ndayesa zonse, chozungulira chija chikadali dzira.

Mphunzitsi wa kompyuta, Linthipe

Tapita patsogolo. Mu Device Manager tsegulani Monitors. Palembedwa Generic PnP Monitor kapena Generic Non-PnP Monitor? Ndipo chingwe chanu ndi chija cha mutu wabuluu chokhala ndi tizomangira tiwiri?

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Non-PnP. Chingwe ndi chabuluu chomwecho.

Mkonzi wa zamagetsi, Golomoti

Apa ndilowererepo, chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Monita iliyonse imadziuza yokha kwa kompyuta, kuti ine ndine wakuti, kukula kwanga ndi uku. Uthenga umenewo umatchedwa EDID. Pa chingwe cha VGA, chabuluu chanucho, pali timano 15 m'mizere itatu. Mitundu imadutsa pa timano ta mzere woyamba, pomwe uthenga wa EDID umadutsa pa nambala 12 ndi 15, mzere wachitatu. Ndiye kano kamodzi ka mzere umenewo kakapindika, chithunzi chimabwerabe bwinobwino, koma kompyuta siidziwa kuti ikulankhula ndi monita yanji, imangoponya manambala ongoganizira. Non-PnP ikutanthauza zimenezo.

Zimitsani kompyuta ndi monita, zulani chingwe mbali zonse ziwiri, muunike ndi tochi ya foni. Mnyamata uja ayenera kuti anazula n'kubwezera mothamanga. Mukaona malo amodzi opanda kano pakati pa mzere wachiwiri musadandaule, zingwe zambiri zimabwera choncho. Chopindika ndiye muyang'ane. Kuwongola kumatheka ndi kansonga ka bolopeni yotha inki, pang'onopang'ono, koma kakathyoka ndiye kwatha. Ngati pali mnzanu pafupi, bwerekani chingwe chake muyesere kaye. Ndipo ngati monita ili ndi khomo la DVI kapena HDMI, gwiritsani limenelo, zilembo zimaoneka zakuthwa kuposa pa VGA.

Mayi wosindikiza, Dedza boma

Bambo a ku Golomoti, mwalasa. Mbali yolowa ku kadi, kano kakumapeto kwa mzere wapansi kanagona chammbali. Kuwongola ndinaopa, manja anga amanjenjemera pa zinthu zing'onozing'ono. Ndabwereka chingwe kwa achemwali a shopu yoyandikana nayo, ndayatsa, ndipo isanafunse chilichonse yadziika yokha pa 1366 x 768, pambali palembedwa Recommended. Chozungulira chazungulira. Monita yanga ili ndi VGA yokha, ndiye mawa ndikasaka chingwe changa chatsopano.

Ndawaimbira mayi a ku Bembeke, akubwera ndi minibasi ya masana kudzaonanso chithunzi ndisanasindikize. Makadi ndi 150, ndikayamba madzulo ano Lachinayi akhala atauma n'kudulidwa.

Aphunzitsi a ku Linthipe, nkhani ya Windows 10 ija munati ndi ya tsiku lina yandikhala pamtima. Chinkhoswe chikadutsa ndidzafunsa pano ngati Dell yangayi ingalandire Windows 11, ndipo ngati ingalandire, kadi ya Fermi imeneyi idzatani.

Mphunzitsi wa kompyuta, Linthipe

Mudzabwere ndi dzina lonse la Dell yanuyo ndi la processor, zili pa Settings, System, About pomwe paja. Windows 11 imafuna kachip ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndiye tidzayambira pamenepo. Panopa kasindikizeni makadi a mwanayo.