Washala wa kopa wauma, ndimuwotche kenako ndimuviike m'madzi?

aBanda, Santhe:
Akuluakulu, mawashala a kopa a pa injekita ya thirakitala akagwira ntchito kamodzi amauma, ukawabwezera dizilo amadontha. Ena akuti ndiwawotche n'kuwaviika m'madzi. Kodi madziwo sawaumitsa ngati chitsulo?

aPhiri, Kasungu Boma:
Madzi musawaope aBanda. M'kati mwa kopa muli tinjere tosaoneka ndi maso. Mukamanga boliti, tinjereto timaphwatalala n'kupiringizana, washala n'kuuma gwa. Moto ukakwana, pamamera tinjere tatsopano tofewa m'malo mwa takale, zomwe akatswiri amati recrystallization. Kopa amasungunuka pa 1085°C, koma kuti afewe safuna moto wofika pamenepo.

Kolekani washala pa waya, muwotchereni pamthunzi kuti muone mtundu bwino. Akangofiira ngati khala lomwe layamba kuzima, dikirani masekondi ochepa basi, ponyani m'madzi. Chitsulo chimauma m'madzi chifukwa cha kaboni, koma kopa madzi amangomuchotsa khungu lakuda lija. Pomaliza mukwecheni pa sandipepa yosalala yoyalidwa pa galasi, mbali zonse ziwiri. Wong'aluka kapena wopyapyala kwambiri tayani.

aMwale, Kamwendo:
Aphiri anena zoona, koma ambiri amalakwa pochedwetsa pamoto. Tinjere tatsopano tija timayamba kumezana n'kukula, ndipo mukadzapinda, pamwamba pamakhakhala ngati khungu la lalanje. Aluminiyamu ndiye ngoopsa, chifukwa amasungunuka pa 660°C asanaonetse kufiira. Mupakeni sopo wa mtanda. Sopo akada, pafupifupi 400°C, chotsani moto.

aZulu, Mchinji:
Achimwene, si kopa yense amene amafewa msanga. Nsonga za makina a spot welding (olumikizira malata powawotcherera m'timadontho) amazipanga ndi kopa wosakaniza ndi kromiyamu wosafika n'komwe magawo awiri pa 100. Tinthu ta kromiyamuto timatchinga malire a tinjere kuti asayende, motero nsongayo imalimbabe mpaka cha m'ma 500°C. Mukaifiiritsa ndiye mwaiwononga, idzayamba kuphwatalala pa ntchito.

Magineziyamu, monga wa zikuto za macheniso ena (makina odulira mitengo), musamuwongole ali wozizira, amathyoka chifukwa tinjere take tili ndi njira zochepa zotsetserekera. Ngakhale ku fakitale, malata ake amawapinda atatentha kupitirira 200°C. Zophala zake zikayaka musathire madzi, moto umakula. Kwirirani ndi mchenga wouma.