Kodi n'chifukwa chiyani ena timawatchula abusa, ena bambo mfumu, ena ambuye?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:

Moni nonse. Mwezi watha tinali ndi mwambo wotsegulira zipinda ziwiri zatsopano pa sukulu imene ndimaphunzitsa, ndipo ntchito yolemba makalata oitanira alendo inagwera ine. Tinaitana atsogoleri a mipingo inayi ya m'dera lathu, ndipo pofuna kuti ndisaoneke wokondera, ndinalemba "Abusa" kutsogolo kwa dzina la aliyense. Mwambo utatha, mayi wina wachikulire wa Chikatolika anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti kwawo kulibe abusa, kuli bambo mfumu. Ndinapepesa, koma mpaka lero funso likundizunguza mutu. Kodi mayinawa anachokera kuti, nanga amasiyanitsadi maudindo kapena ndi chizolowezi chabe cha mpingo uliwonse?

Mkulu wa mpingo, Domasi:

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino, ndipo muzu wake uli m'mawu atatu a Chigiriki amene ali m'Chipangano Chatsopano. Episkopos ndi woyang'anira, presbyteros ndi mkulu, ndipo diakonos ndi mtumiki. Akatolika ndi Aanglikani amati awa ndi makwerero atatu, episkopi pamwamba, wansembe pakati, dikoni pansi. Ife a CCAP timati woyang'anira ndi mkulu ndi munthu mmodzi yemweyo, n'chifukwa chake tilibe bishopu, ndipo mpingo umayendetsedwa ndi bwalo la akulu, kuyambira pa sesheni kufikira ku presbitale ndi ku sinodi. Mbusa ndi mkulu wophunzitsa, pamene ine ndine mkulu wolamulira. Ngakhale mlembi wamkulu wa sinodi, nthawi yake ikatha, amabwerera kukaweta mpingo monga mbusa wina aliyense.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mawu akuti mbusa enieniwo. Kumudzi kwathu mbusa anali kamnyamata kopanda nsapato kamene kamaswera kudambo ndi mbuzi, kodya chinangwa chootcha, kamene palibe akanakaimirira kukapatsa mpando. Amishoni ndi anzawo achikuda amene ankamasulira Baibulo anatenga mawu a ntchito yonyozekayi n'kuwaika pa munthu wovala kolala, moti lero mukati "abusa akubwera" amayi amathamangira kukagwira nkhuku.

Koma dzinali silinabwere mosavuta kwa makolo athu. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 ndipo ya Blantyre mu 1876, komabe Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa ku Blantyre mu 1911, ndipo ku Livingstonia kunatenga mpaka 1914 kuti Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya adzozedwe. Zaka zonsezo anthu akuda ankalalikira, kuphunzitsa ndi kuyenda mitunda italiitali, koma ankangotchedwa aphunzitsi kapena alaliki. Nthawi imeneyo n'kuti John Chilembwe atabwerera kale kuchokera ku Lynchburg, ku America, mu 1900, ali mbusa wodzozedwa wa Baptist, ndipo anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Ndimaganiza kuti azungu ambiri a nthawiyo chinkawawawa si ulaliki wake wokha ayi, koma kuona munthu wakuda ali ndi dzina la ulemu limene sanam'patse ndi iwo.

NaPhiri wa ku Mtakataka:

Bambo a ku Domasi afotokoza bwino mbali yawo, ndiye ndiloleni ndionjezere ya kwathu, chifukwa mayi amene anakudzudzulani aja sanalakwe. Ife timati wansembe chifukwa pakati pa ntchito yake yonse pali nsembe ya Misa. Mawu akuti nsembe sanabwere ndi azungu. Makolo athu ankathira nsembe ya ufa ndi mowa pansi pa mtengo popempha mvula, ndipo malo monga Msinja kapena Khulubvi, kwa Mbona ku Nsanje, anali ndi anthu awo oyang'anira nsembezo. Mpingo unapeza mawuwa ali kale m'kamwa mwa anthu ndipo unawalowetsa m'tchalitchi, monganso zinachitikira ndi mawu akuti kachisi.

Polankhula naye wansembe timati bambo, popeza ndi kholo lathu pa za mzimu ngakhale alibe banja lakelake. Bambo mfumu si wansembe aliyense ayi, koma yekhayo amene wapatsidwa parishi kuti aitsogolere. Anzake okhala nawo nyumba imodzi ndi abambo othandiza. Episkopi timati Ambuye, ndipo ndikudziwa kuti abale athu a mipingo ina mawuwa amawalasa m'khutu, poti iwo Ambuye ndi Yesu yekha. Koma kumbukirani kuti m'madera ena ambuye ndi malume kapena agogo, munthu amene ali mwini mbumba. Choncho mukaona bwino, Akatolika anatenga mawu a pabanja ndi a kubwalo la mfumu, pamene a CCAP anatenga a kubusa.

Nafenso tinadikira nthawi yaitali. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, kwanu ku Ntcheu komweko, mu 1901, ndipo a White Fathers anatsegula Mua mu 1902, koma Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe, Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937. Patapita zaka pafupifupi 20, iye yemweyo anakhala episkopi woyamba wachimalawi, ku Dedza. Ndipo kulemera kwa dzina la Ambuye kunaoneka pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya aepiskopi yodzudzula kupondereza anthu inawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi. Boma la Kamuzu Banda linakwiya, aepiskopi anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno, komabe chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, tinavota pa riferendamu. Mawu omwewo akanalemba munthu wamba, akanathera kundende ya ku Mikuyu dziko osamva n'komwe.

Mnyamata wa ku Ndirande:

Makolo anga mwandiphunzitsa zambiri, koma ine nkhawa yanga ili pa zimene zikuchitika m'tauni masiku ano. Mayina amene mwatchulawo munthu amawalandira ataphunzira zaka zingapo, kaya ku Kachebere, ku Zomba kapena ku Nkhoma, ndipo pali bwalo limene lingam'vule kolala akalakwa. Kwathu kuno munthu amabwereka kalasi ya pa sukulu Lamulungu m'mawa, chaka chino ndi mbusa, chaka chamawa ndi bishopu, kenaka mtumwi kapena mneneri, ndipo akuluakulu a imvi amagwada n'kumamutchula kuti adadi. Akafunsidwa amatsegula Aefeso 4:11, pamene patchulidwa atumwi, aneneri, alaliki, abusa ndi aphunzitsi, koma Mateyu 23, pamene Yesu anachenjeza za okonda mayina aulemu ndi mipando yapamwamba, sawerenga. Sindikunena mipingo yonse ya Chipentekoste, chifukwa ina, monga Assemblies of God imene Lazarus Chakwera anatsogolera kuchokera mu 1989 mpaka 2013, ili ndi sukulu zake ndi malamulo ake odzozera abusa. Ndikunena za amene amadzidzoza okha.

Mkulu wa mpingo, Domasi:

Mwana wanga, Mateyu 23 imatikhudza tonse, ngakhale ife a makolala akale, ndiye tisaloze chala mbali imodzi yokha. Aphunzitsi, pali msampha wina umene muyenera kuudziwa musanalembe makalata ena. Amayi busa si mbusa wamkazi ayi, koma mkazi wa mbusa, amene kawirikawiri amatsogolera amayi a Mvano ku Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma kapena a Umanyano ku Livingstonia. Mayi amene anadzozedwa yekha, monga zilili m'sinodi yathu, mum'lembe kuti Abusa, ndipo mukam'lemba kuti amayi busa ndiye kuti mwam'landa udindo umene anauvutikira kusukulu. Ansembe a Anglican nawo amatchedwa bambo ngakhale amakwatira, ndipo ali ndi mabishopu kuyambira nthawi ya Charles Mackenzie, amene anafika ku Magomero mu 1861.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:

Zikomo kwambiri nonse. Nzama ndimadutsako kawirikawiri koma za 1901 sindinkazidziwa. Teremu ikubwerayi tili ndi mwambo wotsanzikana ndi ana a Sitandade 8, ndipo ndapangana ndi ahedi kuti tisanasindikize makalata, ndiyambe ndapalasa njinga kukafunsa mlembi wa mpingo uliwonse mmene mtsogoleri wawo amalembedwera. Wovuta ndi wa mpingo wachinayi uja, chifukwa pa chikwangwani chawo palembedwa kuti bishopu, koma akhristu ake onse amati mneneri.